Mafunso a Owerenga: Mo Ibrahim, injiniya wa ku Sudan amene anayambitsa Celtel

M'magazini ya mwezi watha tinatchula mwachidule kuti Celtel, kampani ya mafoni a m'manja imene ambiri a ife timaikumbukira ndi mtundu wake wofiira ndi wachikasu, inayambitsidwa ndi Mo Ibrahim, injiniya wa ku Sudan amene anakaphunzira ndi kukhazikika ku Britain. Mzere umodzi umenewo wabala makalata ambiri ochokera konkuno ku Zomba, ndipo tasankhapo anayi. Yoyamba taiyankha motalikirapo chifukwa ikukhudza munda wa banja ndi tsogolo la mwana.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wamasiye ndipo ndimakhala ku Matawale. Mwana wanga wachisamba anamaliza maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi ku Blantyre zaka ziwiri zapitazo, koma mpaka lero sanapeze ntchito yokhazikika. Amangogwira maganyu oika mawaya m'nyumba za anthu ndi kulumikiza masola. Tsopano akundikakamiza kuti ndigulitse munda umene makolo anga anandisiyira ku Thondwe, kuti alipire munthu wina amene akuti amupezera ntchito kunja. Ndikakana amanditchulira Mo Ibrahim, kuti nayenso anali injiniya wosauka amene analemera atachoka kwawo. Kodi bambo ameneyu ndi ndani kwenikweni, ndipo n'zoona kuti chinamutukula ndi kuchoka kwawoko? Ndine mayi wa ku Matawale.

YANKHO: Mayi, zikomo potikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Mwana wanu sananame ponena kuti Mo Ibrahim anachokera m'banja wamba, kapena kuti chuma chake anachipeza ali kunja, koma pofotokoza wadumpha zaka zambiri zimene zili pakati pa kunyamuka ndi kulemera, ndipo yankho la funso lanu lili m'zaka zimenezo.

Mohamed Ibrahim anabadwa m'chaka cha 1946 kumpoto kwa Sudan, pakati pa anthu a ku Nubia amene akhala m'mbali mwa mtsinje wa Nile kuyambira makedzana. Ali wamng'ono banja lawo linasamukira ku Alexandria m'dziko la Egypt, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ya thonje, ndipo kumeneko ndi kumene anakulira mpaka kutenga digiri ya uinjiniya wa zamagetsi pa yunivesite ya mumzindawo. Atamaliza sanathamangire ku Ulaya. Anabwerera ku Sudan n'kukagwira ntchito ku bungwe la boma loyendetsa matelefoni kwa zaka zingapo, ndipo ulendo wa ku England anauyamba m'chaka cha 1974 ali ndi zaka pafupifupi 28. Chimene anapitira sinali ntchito yolonjezedwa ndi munthu wapakati, koma sukulu. Anatenga digiri yachiwiri ku Bradford ndipo kenako digiri ya udokotala wa maphunziro ku Birmingham, kumene anaphunzitsanso.

Kafukufuku wake anali pa nkhani yooneka yaing'ono: kodi mafunde a wailesi amayenda bwanji pamene munthu wolankhula sanaime malo amodzi, koma akudutsa pakati pa nyumba zitalizitali, m'zigwa ndi kuseri kwa zitunda? Pa nthawiyo foni ya m'thumba kunalibe pa msika, choncho palibe amene akanamuuza kuti nkhaniyi idzamulemeretsa. Anaikakamira mpaka anakhala mmodzi mwa anthu ochepa amene ankaidziwa bwino, ndipo pamene Britain inafuna kumanga netiweki ya mafoni oyenda nawo, kampani ya British Telecom inamutenga m'chaka cha 1983 kuti akhale mkulu woona za luso ku Cellnet, netiweki imene inayamba kugwira ntchito mu 1985. Anakhala kumeneko zaka 6. Mu 1989 anasiya ntchito, atatopa ndi kuchedwa kwa zinthu m'kampani yaikulu chotero, n'kuyambitsa kampani yakeyake ya Mobile Systems International, imene inkadziwika ndi dzina lachidule la MSI, ndi ndalama zimene anasunga yekha.

Mayi, taonani zakazo. Kampani yoyamba anaitsegula ali ndi zaka 43, patadutsa zaka 15 chifikireni ku England ndiponso zaka zoposa 20 chiyambireni ntchito ya uinjiniya. MSI inakula mpaka kulemba ntchito anthu pafupifupi 800, ndipo inagulidwa ndi kampani ya ku Britain ya Marconi m'chaka cha 2000 pa mtengo woposa madola 900 miliyoni, mwini wake ali ndi zaka 54. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikudziwa mbiri ina ya munthu wamalonda imene mwambiwu umaikhala bwino chonchi.

Za Celtel zinabwera pambuyo pake, ndipo zinabadwa chifukwa iye sanaiwale kumene anachokera. Monga mlangizi wa makampani akuluakulu a mafoni a ku Ulaya ndi ku America, ankaona kuti makampaniwo akulimbirana ziphaso kulikonse kupatula ku Africa. Iye wakhala akufotokoza za mkulu wina wa kampani yotere amene anakana kuganizira za Uganda poopa Idi Amin, amene anali mtsogoleri wankhanza wa dzikolo, chikhalirecho Amin anachotsedwa pa mpando mu 1979, zaka zambiri nkhaniyo isanakambidwe. Ibrahim anazindikira kuti chimene chinkatsekereza ndalama sikunali kuopsa kwa Africa kokha ayi, koma umbuli wa eni ndalamawo, ndipo mu 1998 anakhazikitsa kampani yapadera yomanga ndi kuyendetsa manetiweki ku Africa, imene pambuyo pake yonse inatchedwa Celtel. Kuno ku Malawi inayamba mu 1999, itapeza TNM imene inakhazikitsidwa mu 1995.

Achinyamata a lero sangamvetse mmene zinthu zinalili. Kalembera wa 1998, amene anayendetsedwa ndi ofesi ya ziwerengero ya konkuno ku Zomba, anapeza kuti tinalipo pafupifupi 9.9 miliyoni, koma matelefoni a mawaya m'dziko lonse sanakwane ndi 50,000 omwe. Munthu akamwalira kumudzi, abale a m'tauni ankadalira mauthenga achisoni a pa wailesi kapena mnyamata wotumidwa pa njinga. Ine ndemwe uthenga wa imfa ya azakhali anga a ku Jali unandipeza ataikidwa kale m'manda, ndipo mpaka lero chimandiwawa kuti sindinaponyeko dothi. Patangodutsa zaka zochepa, pa msika womwewo wa Jali panali mtsikana atakhala pansi pa ambulera, patebulo pali foni ndi wotchi yowerengera mphindi, anthu ataima pamzere ndi timapepala tolembapo manambala oyamba ndi 08 kapena 09. Chimene chinatsegula khomo kwa anthu wamba chinali khadi la mayunitsi lopala ndi ndalama yachitsulo, chifukwa munthu wopanda akaunti ku banki, wopanda keyala, wopanda malipiro a pamwezi ankatha kulipiriratu zochepa zimene ali nazo. Wopanda mayunitsi ankangofulasha, ndipo winayo ankadziwa kuti ayimbe. Pofika 2005, pamene kampani ya MTC ya ku Kuwait inagula Celtel pa madola 3.4 biliyoni, inali ikugwira ntchito m'mayiko 13 a mu Africa.

Tsono kodi chinamutukula ndi kuchoka kwawo? Kuchokako kunamuthandiza, ndipo kungakhale kunama kukana zimenezo, pakuti ku Birmingham kunali zipangizo ndi aphunzitsi amene ku Khartoum kunalibe. Koma anthu zikwizikwi anachoka ku Sudan ndi ku Egypt m'zaka zomwezo. Chimene chinamusiyanitsa ndi luso limodzi limene analikumba mozama mpaka makampani anayamba kumufunafuna okha, kuphatikizapo kudziwa kwake kuti mayi wogulitsa usipa ku Africa adzalipira foni ngati aloledwa kulipira pang'onopang'ono. Palinso injiniya wina, Strive Masiyiwa, amene anaphunzira ku Britain koma anabwerera ku Zimbabwe mu 1984, nalimbana ndi boma m'makhoti kwa zaka pafupifupi 5 kuti apeze chiphaso cha kampani yake ya mafoni, Econet. Mmodzi anakhala kunja, wina anabwerera, ndipo onse anafika patali chifukwa cha zimene ankadziwa kuchita.

Maganizo anga ndi akuti munda wa ku Thondwe musaugulitse. Munda wa makolo si wanu nokha, ndi wa mbumba, ndipo nkhaniyi iyenera kufika kwa atsibweni ake a mwanayo isanapite patali. Komanso munthu wofuna ndalama zambiri patsogolo kuti apezere wina ntchito kunja, popanda kalata ya kampani yolemba ntchito imene mungaitsimikizire ku ofesi ya zantchito, ndi woyenera kumuopa, chifukwa mabanja ambiri alira ndi njira imeneyi. Ngati mtima wa mwana wanu uli pa kupita kunja, msamutsekereze, koma adzere khomo limene Ibrahim anadzera, la maphunziro. Pali thandizo lolipirira maphunziro la Commonwealth, pali la Chevening limene limafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiponso la Beit Trust limene linaikidwira anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Onsewa salipiritsa munthu kuti apemphe. Pakadali pano alembetse ku bungwe la mainjiniya la Malawi Engineering Institution, ndipo maganyu a masola asawapeputse. Nyumba iliyonse imene walumikiza ailembe m'buku, kukula kwa mapanelo, mabatire, vuto limene anapeza ndi mmene analithetsera, pakuti buku limenelo lidzamuyankhulira pamaso pa osankha ophunzira ndi olemba ntchito omwe.

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonza mafoni pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, koma kwathu ndi ku Chingale. Ndamva kuti kampani yoyamba ya Mo Ibrahim sinkapanga mafoni ndipo inalibe netiweki. Nanga inkagulitsa chiyani mpaka kufika pa mtengo wotero? Ndiponso n'chifukwa chiyani foni yomweyo imene ikugwira bwino m'tauni imavuta malo ena kuseri kwa phiri? Ndine wokonza mafoni.

YANKHO: Achimwene, mafunso anu awiriwa ali ndi yankho limodzi. MSI inkagulitsa nzeru yodziwa pamene nsanja ya netiweki iyenera kuima, ndipo phiri la Zomba ndi mphunzitsi wabwino wa chifukwa chimene nzeru imeneyi ilili yodula.

Foni ya m'manja ndi kawailesi kolandira ndi kutumiza mawu, ndipo imalankhula ndi nsanja imene ili pafupi. Mafunde amene imagwiritsa ntchito amayenda bwino pamalo oonekera, amafooka akadutsa m'makoma ndi m'mitengo yothithikana, ndipo phiri sangaliboole. Phiri lathuli nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, choncho nsanja imene ikutumikira Chikanda, Mpondabwino ndi Sadzi singathandize munthu amene ali kutsidya, kumunsi kwa Chingale. Kumeneko pamafunika nsanja yakeyake, ndipo ngakhale ilipo, mudzi umene uli m'chigwa kapena kuseri kwa chitunda umakhala ngati uli mu mthunzi. N'chifukwa chake kale m'midzi yambiri munali chulu kapena mtengo wodziwika umene aliyense ankapitapo kukaimba, ndipo ena ankapachika foni pa nthambi kuti uthenga ukabwera uipeze.

Vuto lachiwiri ndi kuchepa kwa njira za mumlengalenga. Monga mmene wailesi iliyonse ilili ndi nambala yake pa FM, kampani ya mafoni imapatsidwa gawo lochepa, kuno kwathu ndi bungwe la MACRA, ndipo iyenera kutumikira anthu mamiliyoni ndi gawo lomwelo. Njira yake ndi kugawa dziko m'tizigawo tokhala ngati zisa za njuchi, kachigawo kalikonse ndi nsanja yake, kuti njira imene yagwiritsidwa ntchito pano igwiritsidwenso ntchito patali pang'ono. Pa manetiweki a nthawi ya Ibrahim, nsanja ziwiri zoyandikana zikapatsidwa njira imodzi zinkasokonezana monga zimachitira wailesi ziwiri zikalowana. Zikatalikirana kwambiri pakati pankatsala malo opanda kanthu. Ndipo munthu amene ali mu minibasi yopita ku Liwonde, akulankhula kuchokera pa Chinamwali kudutsa Songani, Domasi mpaka Malosa, mawu ake ayenera kuperekedwa kuchokera ku nsanja ina kupita ku inzake iye osamva kuduka.

Poyamba mainjiniya ankadalira kwambiri kuyenda ndi galimoto yodzaza zipangizo zoyezera. MSI inapanga pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Planet, imene inkatenga mapu oonetsa mapiri, zigwa ndi nyumba n'kuwerengera pasadakhale pamene mafunde adzafike ndi pamene adzafooke, nsanja isanamangidwe. Nsanja imodzi ndi ndalama zambiri, ndipo kampani yomanga nsanja mazanamazana ikalakwitsa malo imataya chuma chosaneneka, choncho kulipira MSI kunali kotchipa. M'zaka za m'ma 1990, pamene mayiko ambiri ankamanga manetiweki a mafoni a m'manja a mtundu wotchedwa GSM nthawi imodzi, ofuna nzeruyi anachuluka kuposa oidziwa.

Ku Africa kuwerengera kokha sikunakwane. Malo amene kompyuta yasankha nthawi zambiri kunalibe msewu kapena magetsi, choncho Celtel inkalambula njira yokha, kuika majenereta ndi mabatire, kutumiza dizilo ndi kulemba alonda. Mpaka lero, netiweki ikazima magetsi atathima nthawi yaitali, kawirikawiri vuto limakhala mabatire kapena mafuta a pa nsanja, osati foni imene kasitomala wakubweretserani kuti muitsegule.

FUNSO: Akonzi, ndinagwira ntchito m'boma zaka zoposa 30 ndipo ndinaona zambiri. Sindikhulupirira kuti munthu angapeze ziphaso m'mayiko 13 a mu Africa osapereka kangachepe. Chachiwiri, ngati bamboyu ankakondadi Africa, anagulitsiranji kampani kwa anthu a ku Kuwait m'malo moisiya m'manja mwa Aafirika? Ife tinangoona dzina likusintha kukhala Zain, kenako Airtel. Ndine bambo wopuma pa ntchito, ku Sadzi.

YANKHO: Bambo, kukayika kwanu kuli ndi maziko, ndipo Ibrahim mwini wake ankadziwa kuti ofuna kangachepe adzabwera. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti sanadalire malumbiro kapena mtima wabwino wa ogwira ntchito, koma anaika lamulo. Monga iye amafotokozera, ndalama iliyonse yoposa madola 30,000 sinkatuluka popanda chilolezo cha bodi ya kampani, ndipo kampaniyo inkafuna ziphaso zopikisanirana poyera, osati zoperekedwa kuseri. Inu amene munakhala m'maofesi mukudziwa mmene pempho lotere limabwerera: silibwera pa kalata, limabwera pa chakudya chamadzulo, kwa munthu mmodzi amene ali yekha ndipo akuopa kuti ntchito yonse iima. Lamulo lija linkapatsa bwana wa kampani m'dziko lililonse chishango, chifukwa ankatha kuyankha nduna kapena mkulu wa ofesi mwaulemu kuti iye alibe mphamvu, pempholo lilembedwe kuti lipite ku bodi. Wofuna chiphuphu salemba dzina lake pa pepala lopita kwa anthu ambiri. Kuonjezera apo, ena mwa oika ndalama mu Celtel anali mabungwe oika ndalama pa chitukuko monga CDC ya boma la Britain ndi IFC ya World Bank, amene mabuku awo amaunikidwa, ndipo kugwidwa ndi katangale kukanatseka mpopi wa ndalama umene kampaniyo inkaudalira chaka ndi chaka.

Pa funso lachiwiri ndili nanu limodzi pang'ono. N'zoona kuti likulu la Celtel linali ku Netherlands, kuti ndalama zambiri zoyambira zinachokera kunja, ndipo kuti umwini unachoka ku Ulaya kupita ku Kuwait mu 2005, dzina n'kusintha kukhala Zain mu 2008, kenako ku India pamene Bharti Airtel inagula nthambi zambiri za Zain za mu Africa mu 2010 pa madola 10.7 biliyoni. Pa ulendo wonsewo, phindu lalikulu la mayunitsi amene mayi wa ku Kachulu ankagula pofunsa mtengo wa matemba ku Limbe linkathera kunja. Zimenezi zimandipweteka inenso.

Koma tifunse kuti Mwafirika wake akanagula ndi ndani. Netiweki imadya ndalama zambiri isanayambe kubweza, ndipo Ibrahim wakhala akudandaula kuti mabanki ankazengereza kubwereketsa kampani yogwira ntchito ku Africa ngakhale ikupindula. Kuti ikule inafunika mwini wa thumba lalikulu, ndipo pamene MTC inabwera Celtel inali ikukonzekera kale kugulitsa masheya pa msika wa ku London. Amene anaika ndalama zawo poyamba nawonso ankayembekezera kubwezeredwa. Chimene ndingamuyamikire n'chakuti ku MSI ndi ku Celtel komwe anagawira ogwira ntchito masheya, kotero kuti pa tsiku logulitsa si iye yekha amene anapindula. Bala limene mwalozalo ndi la kusowa kwa chuma chathuchathu chotha kugula makampani otere, ndipo lingapole pokhapokha ndalama za penshoni ndi zosunga za Amalawi zikamalowa m'makampani amene timawalipira tsiku lililonse. Poyambira palipo: TNM inalowa pa msika wa masheya wa Malawi mu 2008, ndipo Airtel Malawi inagulitsa magawo 20 pa 100 alionse pa msika womwewo mu 2020.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa pa sekondale ina ku Domasi. Ophunzira anga anandifunsa za mphoto imene Mo Ibrahim amapereka kwa atsogoleri, ndipo ena akuti n'kulipira munthu chifukwa chongochita ntchito imene anasankhidwira. Kodi mphotoyi imayenda bwanji, ndipo mtsogoleri wa Malawi anayamba wailandirapo? Ndine mphunzitsi.

YANKHO: Aphunzitsi, atagulitsa Celtel, Ibrahim anakhazikitsa bungwe la Mo Ibrahim Foundation mu 2006, ndipo mphotoyi inayamba kuperekedwa mu 2007. Woilandira amapatsidwa madola 5 miliyoni m'zaka 10, ndipo pamene mphotoyi inkayamba panali lonjezo la madola ena 200,000 chaka chilichonse pambuyo pake, moyo wake wonse. Ayenera kukhala mtsogoleri wa dziko la mu Africa amene anasankhidwa mwa demokalase, analamulira nthawi imene malamulo a dziko lake amalola, anachoka pa mpando m'zaka zitatu zapitazo, ndipo anaonetsa utsogoleri wapadera. Woyamba anali mnansi wathu Joaquim Chissano wa ku Mozambique. Anatsatira Festus Mogae wa ku Botswana mu 2008, Pedro Pires wa ku Cape Verde mu 2011, Hifikepunye Pohamba wa ku Namibia wa chaka cha 2014, Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia wa 2017 ndi Mahamadou Issoufou wa ku Niger wa 2020, ndipo Nelson Mandela anapatsidwa yaulemu mu 2007. M'zaka zina zambiri komiti yosankha inalengeza kuti sinapeze woyenera. Mtsogoleri wa Malawi sanailandirepo.

Ophunzira anu akunena zimene anthu ophunzira kwambiri ananenanso, ndipo muwayamikire. Mtsogoleri wofunitsitsa kuba sangaletsedwe ndi madola 5 miliyoni, pakuti angathe kuba zoposa pamenepo. Maganizo a Ibrahim anali akuti mtsogoleri wa ku Ulaya kapena ku America akapuma amakhala ndi zochita ndi zomudyetsa, pamene wa ku Africa nthawi zambiri amaopa moyo wa kunja kwa nyumba ya boma, ndipo mantha amenewo ndi amene amabala kukakamira mpando. Ife Amalawi tinaona mu 2002 mmene nkhani yofuna kuchotsa malire a nthawi ya pulezidenti inagwedezera dziko mpaka kugonja mu Nyumba ya Malamulo, choncho vuto limene mphotoyi ikulimbana nalo si lachilendo kwa ife.

Komabe kwa ine, ntchito ya bungweli imene ili ndi phindu lalikulu m'kalasi mwanu si mphoto, koma kaundula wake wa kayendetsedwe ka maboma, Ibrahim Index of African Governance, amene anayamba kutuluka mu 2007 ndipo amayeza mayiko 54. M'menemo ndi mmene mumaonekera dzanja la injiniya, munthu amene anazolowera kuyeza mphamvu ya mafunde msewu ndi msewu m'malo mongomva zonena za anthu. Kaundulayu amaunika chitetezo ndi kutsata malamulo, ufulu ndi kutenga mbali kwa nzika, maziko a chuma monga misewu ndi magetsi, ndiponso chitukuko cha anthu monga maphunziro ndi zaumoyo. Amapezeka mwaulere pa intaneti. Tsegulani tsamba la Malawi pa foni yanu, musankhe mbali imodzi, mwachitsanzo magetsi kapena madzi akumwa, muike pambali pake za Zambia ndi Mozambique, kenako mutume ophunzira akafunse makolo ndi agogo awo ku Songani ndi ku Malosa ngati zimene manambalawo akunena zikugwirizana ndi zimene iwo aona m'zaka 10 zapitazi.